Suspension yakutsogolo ya galimoto yoyenda mumsewu ndi pabwalo la mpikisano: muyambire pati?

Pakona ndi pamene mavuto a kutsogolo kwa galimoto amaonekera. Mwalowa ndi liwiro, mwakhotetsa chiwongolero, koma mphuno ikukakamira kupita kunja, matayala akulira, ndipo mukawonjezera kukhotetsa palibe chikusintha. Oyendetsa pa mipikisano amati understeer. Ena dandaulo lawo ndi lakuti galimoto imapendama kwambiri, kapena imagwada akaponda buleki mwamphamvu. Wogulitsa zipangizo aliyense ali ndi yankho lake. Uyu akuti masipuling'i otsitsa, uyo akuti ma coilover, wina akuti chitsulo chonenepa cha stabiliser. Chilichonse mwa izi chili ndi vuto lake limene chimathetsa, ndipo zina zimasautsa kwambiri pa galimoto imene Lolemba iyenera kukwera mahampu ndi kulowa m'zigwembe popita kuntchito.

Maganizo anga ndinenerethu. Chimene mukufuna n'chakuti tayala lakunja pakona liponde phula ndi nkhope yake yonse, ndiponso lisamadumphe msewu ukakhala wokhakhala. Kutsitsa galimoto ndi kuiumitsa kumathandiza pokhapokha ngati kukubweretsa zimenezi.

Nditenga Toyota 86 ndi mapasa ake Subaru BRZ, zimene zinatuluka mu 2012, kukhala chitsanzo. Ndi galimoto yopepuka, ya makilogalamu pafupifupi 1,250, yoyendera matayala akumbuyo, ndipo imapezeka kawirikawiri pa masiku amene mabwalo ngati Zwartkops pafupi ndi Pretoria kapena Killarney ku Cape Town amatsegulidwira aliyense wofuna kuyesa galimoto yake. Kutsogolo ili ndi MacPherson strut, kapangidwe kamene kalinso pa Subaru Impreza, Golf GTI, Corolla, RunX ndi BMW E46. Choncho zambiri zimene ndinene zikukhudzanso zimenezo.

Chofooka cha strut

Dzinali ndi la Earle MacPherson, injiniya wa ku America amene anapanga kapangidweka m'zaka za m'ma 1940, ndipo kanafala ndi Ford Consul ya ku Britain ya 1950. Shock ndi sipuling'i zimapanga mzati umodzi, womangidwa pamwamba ku thupi la galimoto, ndipo pansi pali mkono umodzi wokha, control arm. Opanga magalimoto amakakonda chifukwa n'kotchipa ndipo kamasiyira injini malo.

Vuto lake lili pa camber, kutanthauza kupendekeka kwa tayala mukaima kutsogolo n'kuliyang'ana. Galimoto ikapendama pakona, tayala la pa strut limapendama nayo limodzi, n'kuyamba kupondera m'mphepete mwakunja ngati munthu wothamanga atapondera nsapato chakumbali. Mphira wochepa ndi umene ukugwira phula, ndiye mphuno imatsetsereka. Galimoto za mikono iwiri, double wishbone, monga Altezza, Mark X, Mazda MX-5 ndi Honda Civic za 1992 mpaka 2000, zimawongola tayala zokha suspension ikamapanikizika, choncho vuto ili ndi locheperako. Ngati yanu ndi ya strut, mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa ndi imene ikuuzeni koyambira kuika ndalama.

Musanagule chilichonse chatsopano

Galimoto zambiri zoitanitsa ku Japan zimafika zitayenda kale mtunda, kenako misewu yathu imamalizitsa zotsalazo. Ikani jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Likamasewera, ball joint kapena bearing yatha. Ligwireni kumanja ndi kumanzere, ligwedezeninso. Apa mukuyesa tie rod end ndi rack end. Lowetsani chitsulo chovulira matayala pakati pa control arm ndi pamene yamangidwa, mukanikize, muone ngati bushi yang'ambika. Yang'anani ngati shock yanyowa mafuta. Eni BMW E46 amaidziwa bwino bushi yakumbuyo kwa control arm, imene ikatha chiwongolero chimanjenjemera mukaponda buleki.

Kubwezeretsa zinthu izi ndi zatsopano zabwino, za mtundu umene fakitale inaika, ndi njira yoyamba yoyenera kuiyerekeza ndi zinazo, ndipo kwa anthu ambiri imakwanira. Coilover ya ndalama zambiri yomangidwa pa mkono wa bushi yong'ambika singasunge alignment, chifukwa tayala limasuntha lokha nthawi iliyonse likalemedwa. Chinthu chimodzi muwauze amakaniko anu: mabawuti a mabushi amphira amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa, itaima pa matayala ake. Akamangidwa tayala lili m'malere, mphira umakhala wopotoka nthawi zonse ndipo suchedwa kung'ambika.

Camber: njira yotchipa imene ambiri amaidumpha

Toyota 86 imachoka ku fakitale matayala akutsogolo ataima pafupifupi chilili, camber ili cha pa 0, ndipo palibe posinthira. Pitani nayo pabwalo tsiku limodzi, madzulo muyang'ane tayala lakutsogolo. Mphepete yakunja mupeza yapereseka mpaka kuyandikira zilembo za m'mbali, pamene mkati muli mizere yonse.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ma camber bolt, mabawuti olowa m'malo mwa bawuti imodzi mwa ziwiri zomangira strut pansi. Mtengo wake ndi wochepa kuyerekeza ndi china chilichonse m'nkhaniyi, amawonjezera digiri imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo galimoto siuma ngakhale pang'ono. Yachiwiri ndi ma camber plate, mbale zolowa pamwamba pa strut, zimene zimakulolani kukankhira mutu wa strut mkati mpaka madigiri -3 (chizindikiro cha - chikutanthauza kuti pamwamba pa tayala papendekera mkati), zina n'kuwonjezeranso caster, kupendekera kumbuyo kwa mutu wa strut mukayang'ana galimoto cham'mbali. Koma ambiri mwa iwo amachotsa mphira n'kuikapo mpira wachitsulo wotchedwa pillowball. Kugunda kulikonse kwa msewu kumamveka m'galimoto, ndipo fumbi likalowamo umayamba kugogoda.

Pa manambala, galimoto ya mumsewu basi imakhala bwino pakati pa -1 ndi -1.5. Ya mumsewu ndi pabwalo, pakati pa -2 ndi -2.5. Kufika -3 n'kwa galimoto yokhalira pabwalo ndi matayala omata, ndipo poima mowongoka buleki imayamba kufookerako chifukwa tayala silikuponda lonse.

Anthu amaopa camber poti imadya matayala mkati. Imadyadi, koma chimene chimamaliza tayala msanga ndi toe, kuyang'anizana kapena kufulatirana kwa matayala awiri akutsogolo. Toe ikalakwika, tayala limakhula phula mtunda wonse. Pa galimoto ya ntchito ziwiri ikani toe pa 0. Kutsegula kunja ndi milimita imodzi kapena awiri kumachititsa mphuno kulowa pakona mwachangu, koma pa ulendo wautali galimoto imayendayenda mumsewu ndipo matayala amatha. Mukasintha camber toe imasinthanso yokha, ndiye alignment ndi yosathawika. Ine ndikanakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha pa galimoto ya strut, ndikanagula mabawuti amenewa n'kulipira munthu wodziwa makina a alignment amene amalola kutsatira manambala amene mwamupatsa.

Masipuling'i otsitsa

Za kudula sipuling'i ndi chopukusira kapena kuiwotcha ndi moto wa gasi ndingonena mwachidule: musachite. Moto umachotsa kulimba kwa chitsulo, ndipo sipuling'i yodulidwa imatha kuchoka pampando wake tayala likalendewera pa hampu.

Masipuling'i enieni, ngati Eibach Pro-Kit kapena H&R a ku Germany, amatsitsa galimoto mamilimita 25 mpaka 35 ndipo ndi olimbirapo kuposa a fakitale. Galimoto imaoneka bwino, imapendama pang'ono, ndipo mtengo ndi wofikirika. Vuto limabwera mukawaika pa ma shock akale. Shock ya fakitale inapangidwira sipuling'i yofewa ndi mpata wautali. Tsopano yayambira pakati pa ulendo wake, ndipo mpata wotsala isanagunde kamphira kotchinga, bump stop, wachepa. Galimoto imayamba kudumphadumpha, ndipo pakona yokhakhala ikagunda kamphirako kutsogolo kumauma mwadzidzidzi n'kutsetsereka. Mukhoza kudziyesera nokha. Mangani ka cable tie pa ndodo yonyezimira ya shock, kakankhireni pansi, muyende njira yanu ya tsiku ndi tsiku, kenako muone pamene kafika. Mukakapeza katapanikizika pa bump stop, mpata watha.

Palinso china chobisika. Pa strut, mkono wapansi umafunika kukhala wopendekera pansi pang'ono cha ku tayala, kapena wogona mowongoka. Mukatsitsa kwambiri, mkonowo umayamba kuloza m'mwamba cha ku tayala. Pamenepo malo amene galimoto imapendamirapo, roll centre, amatsika mofulumira kuposa pakati pa kulemera kwa galimoto, moti imafuna kupendama kwambiri kuposa kale ngakhale ili pafupi ndi nthaka. Tie rod nayo imakhala pa ngodya yolakwika, ndipo tayala limadzikhotetsa lokha likagunda chitunda. Ichi ndi bump steer. Zokonzera zilipo, ma ball joint aatali ndi ma tie rod end ake, monga amene Whiteline ya ku Australia imagulitsa, koma imeneyo ndi ndalama yokonzera vuto limene mwaligula nokha. Mamilimita 25 mpaka 30 ndi malire abwino. Gwadani muyang'ane mkonowo galimoto ili pamalo athyathyathya, ukuuzani ngati mwapyola.

Ma shock abwino, ndi sipuling'i kapena opanda

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Sipuling'i imanyamula galimoto, koma shock ndi imene imalamula liwiro limene kulemera kumasamukira kutsogolo mukaponda buleki ndi kumbali mukakhota. Shock yabwino imagwira thupi la galimoto mwamphamvu pa kuyenda kwapang'onopang'ono ngati kupendama, koma imalola tayala kukwera msanga likagunda mwala kapena mphepete ya chigwembe. Yotchipa imachita chimodzi mwa ziwirizi, mwina kuuma paliponse kapena kufewa paliponse.

Bilstein B6, yachikasu, inapangidwira galimoto yosatsitsidwa. Kwa munthu wa ku Area 25, Chilomoni kapena Chipata, amene njira yofika pakhomo ndi yafumbi ndipo mvula imaikumba chaka ndi chaka, iyi ndi njira imene imasunga mpata wonse wa pansi pa galimoto n'kusintha kwambiri khalidwe lake pakona. B8 ndi yofanana nayo koma yofupikitsidwa kuti iyendere limodzi ndi masipuling'i otsitsa, ndipo B12 ndi phukusi la ma shock a Bilstein ndi masipuling'i a Eibach osankhidwira limodzi. Zonsezi zilibe chopotokola. Ena amaona ngati n'kuperewera, koma ine ndimaona kuti n'chitetezo, chifukwa amene anaziyesa kufakitale anali ndi zida zimene ife tilibe.

Koni Sport ya ku Netherlands ili ndi posinthira rebound, liwiro limene shock imatambasukira itapanikizika. Mukhoza kuifewetsa mkati mwa sabata n'kuiumitsa pofika pabwalo. Dziwani kuti pa magalimoto ena a strut, Koni imabwera ngati mtima wokha wolowetsa m'chigoba cha strut yakale, chimene chimafunika kudulidwa ndi kubooledwa. Ndi ntchito yofuna amakaniko odekha.

Ma coilover

Coilover ndi shock ya thupi la mazinga, pamene mpando wa sipuling'i umakwezedwa kapena kutsitsidwa ndi sipanala yake. Ndi chinthu chimene achinyamata ambiri amalakalaka, ndipo ndi pamene kusiyana kwa chabwino ndi choipa kuli kwakukulu koposa.

Pansi penipeni pali opanda dzina ogulitsidwa pa intaneti, olembedwa kuti ali ndi makiliki 32 osinthira. Masipuling'i ake amakhala ouma kwambiri pofuna kubisa kufooka kwa shock, ndipo si zachilendo kupeza kuti yakumanja ndi yakumanzere sizikufanana mphamvu ngakhale zili pa kiliki imodzi. Pa phula losalala amaoneka ngati akugwira. Pa msewu wa zigamba tayala limathera nthawi m'malere. Bilstein B6 ndi sipuling'i ya fakitale imawaposa pa chilichonse kupatula maonekedwe.

Pakati pali BC Racing ya ku Taiwan ndi Tein ya ku Japan. Awa ndi enieni, zipangizo zake zosinthira zimapezeka, ndipo ambiri a strut amabwera ndi camber plate pamwamba, zimene zimachepetsa ndalama ina. Koma funsani kulimba kwa sipuling'i musanalipire. Ya fakitale kutsogolo kwa 86 siifika makilogalamu 3 pa milimita, pamene ma coilover ambiri amabwera ndi 6, ena 8. Ameneyo ndi kawiri kapena katatu. Pa Zwartkops, bwalo lalifupi la makilomita 2.4 lokhala ndi makona othina, mukondwa nawo. Pa msewu wa M1 nyengo yamvula itangotha, msana wanu ndi wa amene mwawanyamula udzamva chigamba chilichonse. Ogulitsa ena amalola kusankha sipuling'i yofewerapo poitanitsa, ndipo pa galimoto ya tsiku ndi tsiku muchite zimenezo.

Pamwamba pali KW ya ku Germany ndi Öhlins Road & Track ya ku Sweden. KW V1 imasintha msinkhu wokha, V2 imawonjezera rebound, V3 imasintha rebound ndi kupanikizika padera padera, ndipo matupi ake ndi achitsulo chosachita dzimbiri, chinthu chofunika kwa amene ali ku Britain kumene amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu. Awa amatha kukhala olimba pabwalo koma osapweteka mumsewu, ndipo mtengo wake umasonyeza zimenezo.

Coilover iliyonse imabwera ndi ntchito zimene sizili pa lisiti. Msinkhu wa ngodya zinayi ukaikidwa ndi tepi yokha, kulemera kumatha kupendekera pa matayala awiri opingasana, galimoto n'kumakhota bwino kumanja kuposa kumanzere. Kukonza kwake n'kuiimika pa masikelo anayi, woyendetsa ali pampando, mpaka tayala lakutsogolo kumanja ndi lakumbuyo kumanzere anyamule theka la kulemera konse. Masikelo oterewa sapezeka m'galaja iliyonse. Mazinga nawo amadzaza fumbi ndi matope, ndipo mukawasiya chaka osatsuka mphete zake zimamatirira. Komanso coilover imafuna kutsegulidwa ndi kuthiridwa mafuta atsopano pakapita nthawi. Wokhala ku Johannesburg apeza woichita. Wa ku Mzuzu kapena Tete ayenera kuganizira zotumiza kunja, galimoto itakhala pa majeke masabata angapo.

Stabiliser, mabushi ndi chitsulo cha pamwamba pa injini

Stabiliser, imene ena amati anti-roll bar, imalumikiza matayala awiri ndipo imagwira ntchito limodzi likakwera linzake likutsika. Ubwino wake ndi wakuti imachepetsa kupendama popanda kuumitsa galimoto pa hampu imene matayala onse akwera limodzi. Chenjerani ndi manambala ake, chifukwa kunenepa pang'ono kumawonjezera mphamvu yochuluka. Kuchoka pa mamilimita 18 kufika 20 chitsulo chimalimba ndi theka, ndipo kufika 22 chimaposa kawiri. Lamulo lodziwika ndi lakuti stabiliser yolimba kutsogolo imawonjezera understeer, poti imasenzetsa tayala lakunja katundu wambiri. Koma pa strut nkhani ili pawiri: kuchepetsa kupendama kumasunga camber, ndipo nthawi zina mphuno imagwira bwino kuposa kale. N'chifukwa chake ya mabowo awiri kapena atatu osinthira ndi yabwino kuposa ya bowo limodzi. Pa Golf GTI ndi zina zoyendera matayala akutsogolo, nthawi zambiri yofunika kunenepetsa ndi yakumbuyo. Mtengo wake wobisika umaoneka pa chigwembe cha tayala limodzi, pamene galimoto yonse imagwedezeka uku ndi uku.

Mabushi a polyurethane, a Powerflex, SuperPro kapena Whiteline, sapindika ngati mphira, choncho alignment imakhazikika pakona ndipo chiwongolero chimayankha msanga. Amafuna girisi wake wapadera, ndipo akauma amalira. Musasinthe onse. Bushi yaikulu yakumbuyo kwa control arm ndi imene imapindulitsa, makamaka ya bowo losakhala pakati imene imawonjezera caster. Caster yochuluka imapendeketsa tayala lakunja mkati pamene mwakhotetsa pokha, ndiye mumapeza camber pakona popanda kudya tayala poyenda mowongoka, ndipo chiwongolero chimabwerera pakati mwamphamvu. Zolumikizira zachitsulo chokhachokha zopanda mphira zisiyireni galimoto yopita kubwalo pa ngolo.

Chitsulo cholumikiza mitu iwiri ya strut pamwamba pa injini chimathandiza pang'ono pa galimoto zakale za thupi lofooka. Pa zatsopano, chikhale chomaliza.

Ndiye mutenge ziti?

Ngati galimoto ndi imodzi yomweyo yopita kuntchito, kumudzi ndi kubwalo mwa apo ndi apo, konzani zonse zakutha, ikani ma camber bolt cha pa -1.5, toe pa 0, ndi ma shock a mtundu wa B6 kapena Koni pa masipuling'i a fakitale. Ndalama yotsala ipite ku matayala, chifukwa 86 yoyamba inkabwera ndi Michelin Primacy HP a 215/45 R17, matayala opangidwira kuyenda mwakachetechete ndi kusunga mafuta, ndipo kungowasintha kumasintha galimoto yonse. Ngati mumakhala kumene misewu ili yosalala ndipo mumapita kubwalo mwezi ndi mwezi, phukusi ngati B12 kapena coilover yapakati ya sipuling'i yofewerapo, ndi camber ya -2.5, ndi poyenera. Coilover yapamwamba ikhale ya munthu amene wayamba kale kulemba nthawi ya ulendo uliwonse wozungulira bwalo ndipo akudziwa chimene akufuna kusintha.

Kutsogolo sikuyenda kokha. Mukaika ma shock kapena masipuling'i atsopano kutsogolo, kumbuyo kulandirenso a mtundu womwewo, apo ayi galimoto imakhala ndi makhalidwe awiri. Amene muli ku Britain muuze kampani yanu ya inshuwalansi za kusintha kulikonse, ndipo mudziwe kuti inshuwalansi wamba nthawi zambiri siteteza ngozi ya pabwalo.

Mukamaliza kuika, yendani makilomita mazana angapo kuti masipuling'i akhazikike, mubwerere ku alignment, mupemphe pepala la manambala mulisunge. Pabwalo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukangotuluka, yezani kutentha kwa tayala lakutsogolo malo atatu: mkati, pakati ndi kunja. Mkati mukatentha kuposa kunja ndi madigiri 5 mpaka 10, camber ili bwino. Kunja kukatentha kuposa mkati, onjezerani camber. Pakati pokha pakatentha kuposa mbali zonse ziwiri, chepetsani mpweya musanakhudze sipanala.